Kabokosi ka Magemu 30: Zimene Zili M'kati mwa NES Classic

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Yakwana nthawi yathu yokambirana za luso la makono. Lero tili ndi nkhani ya kabokosi kakang'ono koti n'kukhala pachikhatho chimodzi, kamene kumapeto kwa chaka cha 2016 kanachititsa anthu akuluakulu, a mabanja awo kale, kulawirira m'mamawa kukaima pamizere kunja kwa masitolo ku America ndi ku Ulaya. Dzina lake ndi NES Classic Edition, ndipo anakapanga ndi a kampani ya Nintendo ya ku Japan. Mukakaona kunja, mungati ndi makina a magemu a m'zaka za m'ma 1980. Koma mukakatsegula, simupezamo chitsulo ngakhale chimodzi cha nthawi imeneyo. Ndikufuna tione limodzi zimene zili m'katimo, zimene zinapulumuka pa zakale zija, ndiponso zimene zinatayika panjira.

Tiyambe ndi mwini chigoba. Nintendo ndi kampani yakale zedi. Inayamba mu 1889 mumzinda wa Kyoto, ikupanga makhadi osewerera. Pa 15 Julayi 1983 inatulutsa ku Japan makina a magemu olumikiza ku TV otchedwa Famicom, a mtundu woyera ndi wofiira. Pofuna kulowa nawo ku America anapeza msika utaola. M'chaka chomwecho cha 1983 malonda a magemu kumeneko anali atagweratu chifukwa cha kuchuluka kwa magemu osalongosoka, moti eni masitolo sankafunanso kumva za katundu wotere. Ndiye a Nintendo anawaveka makina awo chigoba china, chotuwa, chokhala ndi kachitseko kutsogolo kolowetsera kaseti ngati makina oonetsera vidiyo, n'kuwatcha Nintendo Entertainment System, mwachidule NES. Umo munali mu 1985, chaka chomwe kunatulukanso gemu ya Super Mario Bros. Padziko lonse makinawa anagulidwa oposa 61 miliyoni.

Tsono inu achimwene ndi achemwali amene munakula cha m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mwina mukuti, "Ife chibokosi chotuwacho sitinachionepo, koma Mario tikumudziwa." Mukunena zoona. Amene anafika kwathu kuno ambiri sanali makina enieni a Nintendo. Anali okopera, aja tinkangoti TV game, opangidwa ku Taiwan ndi ku China potengera Famicom ya ku Japan ija. Kumbukirani makaseti achikasu aja olembedwa kuti muli magemu 9999, koma mukamatsika pamndandanda n'kupeza kuti ndi magemu ochepa omwewo akungobwerezedwa ndi mayina ena. Kumbukirani mfuti ya pulasitiki yowombera abakha, ndi adaputala yotentha moti simukanaigwira nthawi yaitali. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, choncho m'nyumba zambiri zimene zinali ndi TV zaka zimenezo zisanafike, ntchito yake inali kuonerapo mafilimu ndi kuseweretsapo magemu amenewa. Sitinali tokha. Ku Russia ana anakula ndi makina okopera otchedwa Dendy, ku Poland ndi Pegasus.

Makina oyambirirawo anali ofooka modabwitsa. Malo awo okumbukira zinthu pamene akugwira ntchito anali ma kilobyte 2 okha. Gemu yonse ya Super Mario Bros., ndi nyimbo zake, ndi mayiko ake onse asanu ndi atatu, inakwana mu ma kilobyte 40. Chithunzi chimodzi chimene mwajambula pafoni lero chikhoza kuposa gemu yonseyo maulendo makumi asanu. Chifukwa cha kuchepa kwa malo, opanga ankachita kufinya nzeru. Tsiku lina mukadzaiona gemuyi, mudzayang'anitsitse mitambo ya kumwamba ndi zitsamba za pansi: ndi chithunzi chimodzimodzi, angochisintha mtundu, uku choyera, uku chobiriwira. Ngakhale maonekedwe a Mario anabadwa mu umphawi womwewu. Shigeru Miyamoto wa ku Nintendo atamujambula koyamba mu gemu ya Donkey Kong mu 1981, timadontho tojambulira tinali tochepa kwambiri moti tsitsi ndi pakamwa sizikanaoneka bwino, ndiye anamuveka chipewa n'kumuika ndevu za pamlomo. Ine ndimakhulupirira kuti apa ndi pamene pagona moyo wa magemu amenewa. Popeza panalibe malo okongoletsera, mphamvu zonse zinathera pa chinthu chimodzi: kuti ukadina batani, kamunthu kaja kadumphe mmene dzanja lako likufunira. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amaimvetsa gemuyi popanda womufotokozera, ndipo agogo ake akhoza kulandira chowongolera n'kupitiriza.

(Kanyimbo kakafupi.)

WOULUTSA: Tibwere tsopano ku kabokosi ka 2016. Kanatuluka pa 10 Novembala ku Japan ndi ku Australia, ndipo tsiku lotsatira ku America ndi ku Ulaya, pa mtengo wa madola 60 a ku America. Anatengera chilichonse cha chigoba chakale, mtundu wotuwa uja, mabatani awiri a kutsogolo, mpaka kanyale kofiira. Kachitseko ka kaseti kaliponso, koma n'kongojambula, sikatseguka. Magemu 30 anawaikiratu m'kati: Super Mario Bros. zitatu zonse, Donkey Kong, The Legend of Zelda, Metroid, Pac-Man, Mega Man 2, Excitebike, Punch-Out ndi ena. Ku TV kamalumikizidwa ndi nthambo ya HDMI, ndipo moto kamalandira kudzera pa nthambo ya USB yofanana ndi ya tchaja cha foni, ya ma volt 5.

Katundu anatha m'masitolo tsiku lomwelo. Anthu ena ochenjera anagula tambirimbiri n'kumagulitsa pa msika wa pa intaneti wa eBay pa mtengo wowirikiza katatu kapena kuposa. Ndiye mu Epulo 2017, anthu akadalirabe kuti sanapeze, a Nintendo analengeza kuti asiya kupanga. Apo n'kuti atagulitsa 2.3 miliyoni. Madandaulo atachuluka anakabweretsanso pa 29 Juni 2018, koma pofika kumapeto kwa chaka chimenecho anatseka ndithu. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna tikamakamba zogula.

Nanga m'kati muli chiyani? Muli kabolodi kamodzi kakang'ono kokhala ndi chip yotchedwa Allwinner R16, ya mtundu womwe umapezeka m'matabuleti otchipa. Malo ake okumbukira ndi ma megabyte 256, kuposa a makina akale aja maulendo opitirira 100,000, ndipo kamayendera pulogalamu ya Linux. Kunena mosabisa, ndi kakompyuta ka masiku ano kovala malaya akale. Vuto n'lakuti magemu a 1985 analembedwa m'malamulo amene chip ya nthawi imeneyo yokha ndiyo imamva. Choncho pakati pa gemu ndi chip yatsopanoyo pamaima pulogalamu yotchedwa emulator, imene ya m'kabokosi aka anailemba ndi akatswiri a nthambi ya Nintendo ya ku Paris. Ntchito yake ili ngati ya womasulira pa ulaliki. Abusa ochokera kunja akalankhula, iye amatembenuza pomwepo kuti mpingo umve. Akakhala waluso, simuzindikira n'komwe kuti uthenga ukudutsa pakamwa pa anthu awiri. Koma ngakhale atakhala katswiri chotani, mawu ake amafika pambuyo pang'ono, ndipo pali zina zimene zimatsalira.

Kuchedwa kumeneku n'kwenikweni, ndipo sikuchokera ku emulator yokha. Ma TV akale aja a linunda kumsana ankajambula chithunzi nthawi yomweyo chikangofika, mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika pansi. Ma TV opyapyala a masiku ano, aja ambiri timangoti pulazima, amayamba alandira chithunzi chonse, n'kuchikonza, kuchikulitsa, kuchiwalitsa, kenako ndiye n'kuchionetsa. Poonera mpira zimenezi zilibe vuto. Koma mu gemu imene imasintha zithunzi ka 60 pa sekondi imodzi, kuchedwa kwa zithunzi zinayi kapena zisanu kumakwana kuti Mario agwere m'dzenje inu mutadina kale. Ngati zikukuchitikirani, musafulumire kunena kuti manja akalamba. Lowani m'makonzedwe a TV yanu mufufuze polembedwa kuti Game Mode. Mukayatsa pamenepo, TV imasiya zokongoletsa zija n'kumaonetsa chithunzi msanga.

Pali gemu imodzi imene kuchedwa kumeneku kunaipheratu, ndipo ndi imene ambiri a ife tinkaikonda: ya abakha ija, Duck Hunt, ya galu woseka ukaphonya. Pa magemu 30 aja palibepo. Ana ambiri tinkaganiza kuti mfuti ija imatulutsa kuwala kopita pa sikirini. Ayi, inkachita kulandira. M'kamwa mwake munali kadiso kozindikira kuwala. Mukangowomba, makina ankadetsa sikirini yonse kwa chithunzi chimodzi chokha, ndipo pa chithunzi chotsatira ankaika chigamba choyera pamalo pamene pali bakha. Kadiso kaja kakaona mdima kenako kuwala, ndiye kuti mwalasa. Mdima woyambawo unali wotchingira achinyengo oloza mfuti ku babu la magetsi. Amene munali ndi maso akuthwa mukukumbukira kuti sikirini inkaphethira mukawomba. Kunali kuphethira kumeneko. Tsono pa TV ya masiku ano chigamba choyeracho chimafika mochedwa, makina atasiya kale kufunsa mfuti ngati yaona kanthu. Gemu ilipo, mfuti ilipo, koma TV imene zinkamvana nayo ndiyo ikutha m'nyumba zathu.

Sikuti kusintha konse kunali kotaya. Kale magetsi akathima uli pa dziko lachisanu ndi chiwiri, basi, mawa uyambirenso poyamba. NES Classic imakulolani kusunga pamene mwafika, malo anayi pa gemu iliyonse. Zouzira mpweya mu kaseti kuti igwire zinathanso, ndipo ndi bwino kuti zinatha, chifukwa chinyezi cha m'kamwa chinkangodyetsa dzimbiri timano ta kasetiyo. Chimene chinkathandiza kwenikweni chinali kuichotsa ndi kuibwezeranso. Anaikamonso mwayi wosankha kuti chithunzi chioneke ndi timizere ta TV yakale, kwa amene maso awo anazolowera zimenezo. Chimene anthu anadandaula nacho kwambiri ndi nthambo ya chowongolera, yosakwana ndi mita imodzi yomwe, ndiponso kuti pofuna kusintha gemu umayenera kudzuka kukadina batani la pa kabokosiko.

(Kanyimbo kakafupi.)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene, tikukamba za makina a magemu atsopano opangidwa m'maonekedwe akale. Malonda a NES Classic atayenda chonchi, makampani ena sanagone. A Nintendo eni ake anatulutsa Super NES Classic mu Seputembala 2017, ya magemu 21, kuphatikizapo Star Fox 2, gemu imene inapangidwa m'ma 1990 koma inali isanagulitsidwepo. A Sega anabwera ndi Mega Drive Mini mu 2019, ya magemu 42, ndipo anthu anaiyamikira.

A Sony ndiwo anapunthwa, ndipo kupunthwa kwawo kuli ndi phunziro la luso. PlayStation Classic inatuluka pa 3 Disembala 2018 pa mtengo wa madola 100, ili ndi magemu 20. Kale ma TV a ku America ndi ku Japan ankasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, pamene a ku Ulaya ndi mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo kwathu kuno, ankasintha ka 50. Magemu ambiri ankapangidwira ka 60, ndiye akawasamutsira ku ma TV a ka 50 ankayenda mochedwerako. A Sony, pa magemu 20 aja, 9 anaika a ka 50, ngakhale m'makina opita ku America. Imodzi mwa iwo inali Tekken 3, gemu ya nkhonya imene imadalira changu. Anthu anazindikira msanga kuti china chake sichili bwino, ndipo mwezi usanathe masitolo anayamba kutsitsa mtengo. Thupi la munthu limakumbukira liwiro la gemu imene anakula nayo kuposa mmene maso amakumbukirira chigoba.

A Atari anatenga njira ina. Makina awo otchuka a Atari 2600 anatuluka mu 1977, ali ndi malo okumbukira a ma byte 128 okha, osakwana kusunga uthenga umodzi wathunthu wa SMS. Mu Novembala 2023 anatulutsa Atari 2600+, pa madola 130, ya kutsogolo kooneka ngati thabwa monga yakale ija. Kusiyana kwake n'kwakuti polowetsa kaseti ndi penipeni. Munthu amene anasunga makaseti a bambo ake a m'ma 1970 akhoza kuwalowetsa n'kusewera pa TV ya lero. M'kati mukadali emulator, koma mwini makina ndi amene amasankha chosewera. Palinso kampani ya ku America ya Analogue imene m'malo mwa emulator imagwiritsa ntchito chip ya mtundu wa FPGA, yomwe amatha kuilukanso m'kati kuti izichita zinthu ngati mmene mawaya a makina akale ankachitira. Kuchedwa kumachepa kwambiri, koma mtengo wake ndi wa anthu a matumba akuya.

Tsopano ndiloleni ndinene maganizo anga. Chimene ndimakondera timabokosi timeneti si chigoba. Ndi chakuti ukagula wagula. NES Classic ilibe polumikizira intaneti n'komwe. Sikufunsa imelo, sikudya bandulo, siimitsa gemu pakati kuti ikuonetse malonda, siuza mwana kuti alipire kuti apeze moyo wina. Makolo anzanga, inu amene munaonapo mayunitsi akutha pafoni mwana atangoti "ndibwerekeni ndisewere pang'ono", mukudziwa kulemera kwa zimenezi. Makina amakono akuluakulu nthawi zambiri amafuna kutsitsa ma gigabyte ambiri gemu isanayambe, zimene kwathu kuno ndi ndalama ya ndiwo za masiku angapo. Kabokosi aka kamadya moto wochepa moti power bank imakayendetsa, ndipo m'nyumba ya sola yokhala ndi TV yaing'ono kamagwira ntchito bwinobwino. Komanso magemu ambiri a nthawi imeneyo ndi a anthu awiri okhala pamodzi, mapewa akugundana, wachitatu akudikira kuti wina afe alandire. Pa kasewero kotere mwana amaphunzira kudikira nthawi yake ndi kuluza pamaso pa anzake, ndipo kholo limaona ndi maso chimene chili pa sikirini.

Koma pali chimene chimandiwawa. Kabokosi kameneka kamagulitsa chikumbumtima cha ubwana, ndipo ubwanawo si wathu. A Nintendo ankadziwa bwino kuti dera lililonse lili ndi zokumbukira zake, n'chifukwa chake ku Japan anatulutsa kofiira ndi koyera kofanana ndi Famicom, ndi mndandanda wa magemu wosiyanako. Nanga mwana wa ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Tete amene anakula ndi kaseti yachikasu? Battle City, ya akasinja oteteza chiwombankhanga ija, mulibe. Circus Charlie, yodumpha mphete za moto, mulibe. Contra yoyamba mulibe. Anaikamo yotsatira yake, Super C. Popeza makina athu anali okopera, m'mabuku a kampani sitinawerengedwe ngati ogula, ndiye posankha zoti zikumbukiridwe panalibe wotiyankhulira.

Ndipo nkhaniyi ndi yaikulu kuposa ife. Ku America kokha NES inali ndi magemu ovomerezeka oposa 600. M'kabokosimu munalowa 30. Mu 2023 bungwe la Video Game History Foundation linatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti 87 pa 100 alionse a magemu amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sankagulitsidwanso mwa njira yovomerezeka. Makampani ena anatha, ena anagulidwa, ndipo magemu ena sizikudziwika bwino kuti mwini wake ndi ndani. Makaseti nawo akukalamba, timabatire ta m'kati tikufa. Amene asunga zambiri mwa zimenezi ndi anthu wamba okonda magemu, omwe amakopera makaseti ndi kulemba ma emulator mwaulere, kawirikawiri akukangana ndi malamulo a umwini. Ngakhale a Sony mu PlayStation Classic anagwiritsa ntchito emulator yolembedwa ndi anthu oterewa. Inu achinyamata amene mukuphunzira za makompyuta, ma emulator ambiri otere malamulo ake ali poyera, aliyense akhoza kuwawerenga, ndipo makina a NES ndi osavuta moti ophunzira ambiri padziko amayambira pomwepo pofuna kumvetsa mmene chip imagwirira ntchito.

Tisanatseke, mawu kwa amene mukuganiza zogula, kapena kutuma m'bale wa ku Joni kapena ku Mangalande. Paja ndinati a Nintendo anasiya kupanga NES Classic mu 2018. Choncho mukapeza mulu wa timabokosi totuwa tatsopano pa mtengo wotsika, dziwani kuti n'tokopera. Kenikeni kali ndi magemu 30, osapitirira, ndipo kamatulutsa chithunzi pa HDMI yokha. Tokopera tambiri timalembedwa kuti muli magemu 620, ndipo timabwera ndi nthambo zakale zija za mitu yachikasu ndi yoyera. Palinso timitengo tolowetsa kumbuyo kwa TV tolonjeza magemu 10,000. Ambiri mwa magemuwo ndi obwereza, ena sayenda, ndipo eni ake sanapereke chilolezo. Sindikunena kuti tonse n'tosagwira ntchito. Tina timasangalatsa ana ndithu, ndipo ngati TV yanu ndi ya linunda, ka nthambo zachikasuko ndi kamene kangalumikizike. Chachikulu n'chakuti musalipire mtengo wa chenicheni pa chokopera. Yang'ananinso kumbuyo kwa TV yanu musanachoke pakhomo, muone mabowo amene ili nawo.

Mukafika pa sitolo, pemphani akuyatsireni musanatulutse ndalama. Sankhani gemu imene mukuidziwa bwino. Mvetserani nyimbo ngati ikuthamanga kapena kukoka. Dinani batani lodumphira kangapo, muone ngati kamunthu kakunyamuka pamodzi ndi chala chanu. Yesani zowongolera zonse ziwiri, mbali zonse zinayi, chifukwa pa makina otchipa chimene chimayamba kufa ndi timphira ta pansi pa mabatani. Ndipo ngati muli ndi ana aang'ono, tsikani nawo pamndandanda wa magemuwo muone zimene zilimo, popeza pa timitengo ta magemu masauzande palibe amene anakhala pansi kusankha zoyenera ana.

Nthawi yatithera, omvera athu.

(Nyimbo yotsekera.)